Sitima zankhondo za mtundu wa Flower

Sitima za mtundu wa Flower zinali sitima zankhondo zing'onozing'ono zimene mayiko a Britain ndi Canada anapanga pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse. Ntchito yake yaikulu inali kuperekeza midipiti ya sitima zonyamula katundu pa nyanja ya Atlantic ndi kuziteteza ku sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi, zotchedwa ma U-boat. Zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 300, ndipo zoposa 30 zinamira nkhondo isanathe. Dzina loti Flower, kutanthauza duwa, linabwera chifukwa sitima za Britain za mtunduwu zinkapatsidwa mayina a maluwa, monga Gladiolus, Bluebell ndi Jasmine. Za ku Canada zambiri zinkatchedwa mayina a matauni a m'dzikolo. Lero yatsala imodzi yokha, HMCS Sackville, yomwe ikusungidwa pa doko la Halifax ku Canada.

Chiyambi

Kumayambiriro kwa 1939 akuluakulu a asilikali apanyanja a Britain anaona kuti nkhondo yayandikira koma sitima zoperekeza zinali zochepa kwambiri. Britain ndi chilumba, ndipo mafuta, tirigu, nyama, matabwa ndi zitsulo zambiri zinkachokera kunja kudzera panyanja. Pa Nkhondo Yoyamba, makamaka mu 1917, ma U-boat anatsala pang'ono kugwetsa dzikolo ndi njala, mpaka pamene sitima zamalonda zinayamba kuyenda m'midipiti yoperekezedwa. Phunzirolo linkakumbukiridwa, koma zida zake panalibe.

Sitima zothamanga za mtundu wa destroyer zikanagwira bwino ntchitoyi, koma zinali zodula, zinkatenga nthawi kupanga, ndiponso malo opangira sitima zankhondo anali atadzaza kale ndi ntchito. Pankafunika sitima yoti ipangidwe msanga m'makampani ang'onoang'ono amene anazolowera kupanga sitima za asodzi ndi zamalonda. William Reed, katswiri wa kampani ya Smiths Dock ya kufupi ndi Middlesbrough, anapereka pulani yotengera pa sitima yosakira anamgumi yotchedwa Southern Pride, imene kampaniyo inapanga mu 1936. Anangoitalikitsa pang'ono n'kuikonzera malo a zida. Sitima 26 zoyamba zinaitanitsidwa mu Julayi 1939, nkhondo isanayambe, ndipo zina zinawonjezedwa mu Ogasiti. Anazitcha corvette, dzina lakale la sitima zazing'ono zankhondo za nthawi ya matanga, lomwe linali litasiya kugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri.

Mfundo yofunika kuikumbukira ndi yoti sitimazi anazikonzera kuyenda m'mbali mwa gombe la Britain. Palibe amene ankaganiza kuti zidzawoloka Atlantic m'nyengo yachisanu. Zinthu zinasintha mu Juni 1940 pamene France inagonja, ndipo Germany inayamba kugwiritsa ntchito madoko a Lorient, Brest ndi Saint-Nazaire. Kuchokera kumeneko ma U-boat ankafika kutali pakati pa nyanja, choncho operekeza nawo anayenera kupita kutali.

Kapangidwe

Corvette ya Flower inali yaitali mamita 62.5, mulifupi mamita 10, ndipo inkalemera matani oposa 900 pang'ono. Poyerekeza, sitima ya Ilala ya pa nyanja ya Malawi ndi yaitali mamita 52, kotero kusiyana kwake si kwakukulu. Inali ndi injini imodzi ya nthunzi ya mapisitoni, ma boyila awiri otenthetsa ndi mafuta, ndi chopalasira chimodzi kumbuyo. Injini yotereyi inali yachikale ngakhale pa nthawiyo, pamene sitima zankhondo zinali zitasamukira ku ma turbine, koma anaisankha dala. Mafakitale ambiri ankatha kuipanga, ndipo amakaniko ochokera m'sitima zamalonda ndi za asodzi ankaidziwa ngati khasu la kumunda kwawo.

Liwiro lake lalikulu linali makilomita pafupifupi 30 pa ola. U-boat ya mtundu wa VII, yomwe inali yofala kwambiri, inkathamanga makilomita oposa 32 pa ola ikakhala pamwamba pa madzi, ndipo pafupifupi 14 ikamira. Izi zikutanthauza kuti corvette sinkatha kuipeza U-boat yothawa pamwamba pa madzi. Chimene inkachita ndi kuikakamiza kumira, chifukwa ikamira inkayenda pang'onopang'ono, osaona bwino, ndipo mdipiti unkaisiya m'mbuyo. Pa liwiro lochepa la makilomita 22 pa ola, corvette inkayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 6,500 osathiranso mafuta, ndipo ichi n'chimene chinachititsa kuti itumizidwe kuwoloka nyanja pamene ma destroyer akale ankathera mafuta panjira.

Zida zake zinali mfuti yaikulu imodzi ya mamilimita 102 kutsogolo, mfuti zing'onozing'ono zowombera ndege, ndi mabomba ophulikira pansi pa madzi, ooneka ngati migolo, amene ankagubuduzidwa kumbuyo kapena kuponyedwa m'mbali. Poyamba inkanyamula mabomba 40, kenako chiwerengerocho chinakwera. Posaka mdani inkadalira chipangizo chotchedwa ASDIC, chimene masiku ano amati sonar. Chipangizochi chimatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera ngati labwerera litagunda chinthu. Chinali ndi zofooka ziwiri zazikulu. Sichinkaona U-boat imene ili pamwamba pa madzi, pamene ma U-boat ankakonda kuukira usiku ali pamwamba. Komanso sitima ikayandikira kwambiri kuti iponye mabomba, mdani ankalowa pansi pa phokosolo n'kusowa, ndipo woyendetsa U-boat wochenjera ankakhota pa mphindi imeneyo.

Zofooka zimenezi zinakonzedwa pang'onopang'ono. Kuyambira 1941 sitima za Britain zinayamba kuikidwa radar ya Type 271, yotha kuona kansanja ka U-boat usiku kapena mu nkhungu. Kenako kunabwera Hedgehog, chida choponya timabomba 24 kutsogolo kwa sitima nthawi imodzi, ASDIC isanataye mdani. Timabombati tinkaphulika pokhapokha tikagunda chinthu.

Moyo wa m'sitima

Amene anagwiramo ntchito ankakumbukira kwambiri kugwedezeka ndi kunyowa. Kutalika kwa sitimayi kunkagwirizana ndi mafunde afupiafupi a ku North Sea, koma pa mafunde aatali a Atlantic inkakwera n'kutsika ngati chikho, ikupendekera uku ndi uku. Chifukwa cha kapangidwe ka sitima ya anamgumi sinkagubuduzika wamba, koma anthu m'katimo ankasanza masiku ambiri, ngakhale amalinyero ozolowera.

Pa sitima zoyambirira, mbali yokwera ya kutsogolo inali yaifupi, ndipo kumbuyo kwake kunali malo otsika apamtetete pamene mafunde ankakhuthukira. Amalinyero ankagona kutsogolo koma khitchini inali kumbuyo. Wonyamula chakudya ankadutsa pamtetete pomwepo, ndipo chinkafika chozizira, nthawi zina chosakanikirana ndi madzi amchere. Zakudya zosachedwa kuwonongeka zinkatha patangopita masiku ochepa, n'kutsala za m'zitini ndi mabisiketi olimba. Anthu osakwana 50 ndi amene ankayembekezeka kukhalamo, koma chida chatsopano chilichonse chinkafuna ochigwiritsa ntchito, mpaka chiwerengero chinafika 85 kapena kuposa, malo ali omwewo. Ena ankagona pa mabenchi ndi pansi, zovala zili zonyowa, madzi akudontha kuchokera kudenga lachitsulo. Pambuyo pake sitima zambiri zinakonzedwa potalikitsa mbali ya kutsogoloyo, zomwe zinawonjezera malo ogona ndi kuchepetsa madzi olowa.

Ambiri mwa anthuwa sanali asilikali apanyanja okhazikika. Atsogoleri a sitima kawirikawiri ankachokera m'sitima zamalonda, ndipo owathandiza anali anyamata odzipereka amene anaphunzira ntchito miyezi yochepa. Mmodzi wa iwo, Nicholas Monsarrat, anagwira ntchito mu HMS Campanula ndipo pambuyo pake analemba buku lotchuka la The Cruel Sea, lomwe linatuluka mu 1951.

Pa nyanja ya Atlantic

HMS Gladiolus ndiyo inayamba kulowa m'madzi, mu Januwale 1940. Pa 1 Julayi chaka chomwecho inawononga U-26 ndi mabomba, ndege ya asilikali a Australia inamalizitsa, ndipo asilikali a Germany anamiza okha sitima yawo n'kugwidwa. Gladiolus yomweyo inasowa mu Okutobala 1941 ikuperekeza mdipiti wa SC 48. Palibe anapulumuka.

Zaka zoyambirira zinali zowawa. Mu Okutobala 1940 mdipiti wa SC 7 unataya sitima 20 mwa 35 pamene ma U-boat anaukira ali gulu, usiku, akulowa pakati penipeni pa mizere ya sitima. HMS Bluebell inali mwa operekeza ochepawo, ndipo inatha nthawi yaitali ikuvuula anthu m'madzi, oposa 200. Apa panali vuto limene wolamula corvette aliyense ankakumana nalo. Akaima kuti apulumutse anthu, mdipiti unkatsala wopanda mlonda ndipo sitima yake inkakhala chandamale chosavuta. Akapitirira, anthu ankafa ndi kuzizira m'mphindi zochepa. Bluebell inamizidwa ndi U-711 mu Febuluwale 1945 kufupi ndi Murmansk, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye anapulumuka.

Panalinso nthawi zimene timasitimati tinapambana. Mu Sepitembala 1941 HMCS Chambly ndi HMCS Moose Jaw zinamiza U-501 kufupi ndi Greenland. Mu Ogasiti 1942 HMCS Oakville inagunda U-94 ndi mphuno yake ku nyanja ya Caribbean, ndipo asilikali ake awiri analumphira pa U-boat imene inkamirayo. Pa 11 Malichi 1943 corvette ya asilikali a France yomenyera ufulu, Aconit, inamalizitsa U-444 ndipo patangopita maola ochepa inamizanso U-432. Sitima za mtundu wa Flower zinayendetsedwanso ndi amalinyero a Norway, Greece, Belgium, India ndi United States.

Dziko limene linadalira kwambiri sitimazi ndi Canada. Mu 1939 linali ndi ma destroyer 6 okha ndi asilikali apanyanja masauzande ochepa, koma pofika kumapeto kwa nkhondo anali pafupifupi 100,000. Makampani a ku Canada anapanga ma corvette oposa 100. Kukula kofulumira chonchi kunali ndi mtengo wake. Sitima za Canada zinkachedwa kulandira radar yabwino ndi makampasi amakono, ndipo anthu ake ankatumizidwa kunyanja asanaphunzire mokwanira kugwira ntchito ngati gulu. Mdipiti wa ONS 154 utataya sitima zambiri kumapeto kwa 1942, magulu a Canada anachotsedwa kwa kanthawi pakati pa Atlantic kuti akaphunzitsidwe ndi kupatsidwa zida zatsopano. Ku Canada nkhaniyi inapweteka mitima, ndipo akatswiri a mbiri amakambiranabe ngati vuto linali la amalinyero kapena la amene anawatumiza opanda zida zoyenera. Umboni wambiri ukuloza ku zida ndi maphunziro.

HMCS Sackville

Sackville inapangidwa ku Saint John, m'chigawo cha New Brunswick. Inalowa m'madzi mu Meyi 1941 ndipo inayamba ntchito pa 30 Disembala chaka chomwecho. Chiyambi chake sichinali chabwino, moti mu 1942 inapatsidwa mtsogoleri watsopano, Alan Easton, pamodzi ndi gulu la amalinyero ochokera mu corvette ina, HMCS Baddeck.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1942 inkaperekeza mdipiti wa ON 115 mu nkhungu yowirira kufupi ndi Newfoundland. Pasanathe masiku awiri inakumana ndi ma U-boat atatu. Inawononga kwambiri U-43 ndi mabomba, inakakamiza U-704 kumira, ndipo inawombera U-552 pafupi kwambiri, chipolopolo n'kuboola kansanja kake. U-552 inkayendetsedwa ndi Erich Topp, mmodzi wa oyendetsa ma U-boat amene anamiza sitima zambiri pa nkhondo yonseyo. Pa atatuwo palibe imene inamira, koma ziwiri zinabwerera ku France kukakonzedwa. Easton analandira mendulo ya Distinguished Service Cross.

Mu Sepitembala 1943 Sackville inali pa midipiti iwiri yophatikizidwa, ON 202 ndi ONS 18, pamene Germany inayamba kugwiritsa ntchito torpedo yatsopano yotsatira phokoso la chopalasira cha sitima. Torpedo imeneyi anaikonzera operekeza enieniwo. HMCS St. Croix ndi corvette ya HMS Polyanthus zinamizidwa. Opulumuka anatengedwa ndi HMS Itchen, yomwe nayonso inaphulika patapita masiku awiri. Pa anthu a m'sitima zitatuzo anapulumuka atatu okha. Mankhwala a torpedo imeneyi anapezeka msanga: sitima zinayamba kukoka kumbuyo zitsulo zochita phokoso kuti torpedo izitsatira zimenezo.

Pa nkhondo yomweyo kuphulika kwina kunagwedeza Sackville n'kuwononga boyila yake imodzi. Inakonzedwa ku Galveston, Texas, mu 1944, koma boyilayo inalepherabe. M'malo moikonza anaichotsa, ndipo malo ake anasandutsa mosungira zingwe zoyala pansi pa madzi pakhomo la madoko. Chilema chimenechi n'chimene chinaipulumutsa. Nkhondo itatha ma corvette ena anagulitsidwa kapena kuphwanyidwa, koma Sackville inali ndi malo okwanira kuikamo zipangizo, choncho inakhala sitima ya boma yofufuza za m'nyanja mpaka 1982. Kenako gulu la anthu odzipereka linaitenga n'kuibwezera mmene inkaonekera mu 1944. Mu 1985 inalengezedwa kukhala chikumbutso cha asilikali apanyanja a Canada.

Ku Madagascar

Ma corvette a Flower anafikanso m'nyanja za kum'mawa kwa Africa. Mu Meyi 1942 Britain inaukira doko la Diego Suarez, lomwe lero ndi Antsiranana, poopa kuti boma la Vichy la France lingalole Japan kuligwiritsa ntchito. Sitima zonyamula asilikali zinanyamuka ku Durban zikuperekezedwa ndi sitima zankhondo, kuphatikizapo ma corvette angapo. Imodzi, HMS Auricula, inagunda bomba lotcheredwa m'madzi pa 5 Meyi ndipo inamira tsiku lotsatira. Mu Juni ndi Julayi chaka chomwecho sitima za Japan zoyenda pansi pa madzi zinamiza sitima zamalonda pafupifupi 20 pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene zambiri zinkayenda zopanda woperekeza. Mu Sepitembala asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo gulu lochokera ku Nyasaland, anatsikira ku Majunga kukamalizitsa nkhondo ya pachilumbacho, yomwe inatha mu Novembala.

Zinathandiza motani

Ma corvette a Flower anathandiza kumiza sitima za pansi pa madzi pafupifupi 50, pamene 22 mwa iwo anamizidwa ndi ma U-boat. Germany inataya ma U-boat oposa 750 pa nkhondo yonse, ndiye gawo la ma Flower likuoneka laling'ono. Chimene chinathyola ma U-boat mu Meyi 1943, mwezi umene anamizidwa 41 ndipo Karl Dönitz anachotsa otsala pa njira za midipiti, chinali kuphatikiza kwa zinthu zambiri: ndege zouluka mtunda wautali zimene zinatseka mpata wa pakati pa nyanja, sitima zing'onozing'ono zonyamula ndege, zipangizo zolondola kumene uthenga wa wailesi ukuchokera, kumasulira mauthenga achinsinsi a Germany, ndi magulu a operekeza ophunzitsidwa bwino.

Koma kuwerengera ma U-boat omizidwa sikupereka chithunzi chonse. Ntchito ya woperekeza ndi kufikitsa katundu. U-boat imene yakakamizidwa kumira kwa maola angapo mdipiti n'kudutsa yalephera ntchito yake, ngakhale ibwerere kwawo yathanzi. Kuyambira 1940 mpaka 1943 ma Flower ndiwo anali ochuluka pa operekeza a pa Atlantic, ndipo akanapanda kukhalapo panalibe china choikapo. Zofooka zake zinkadziwika kuyambira pachiyambi. William Reed yemweyo anakonza sitima yaikulu ya injini ziwiri, frigate ya mtundu wa River, imene inayamba ntchito mu 1942, ndipo kenako kunabwera ma corvette aatali a mtundu wa Castle. Nkhondo itatha ma Flower ambiri anagulidwa ndi makampani n'kubwerera ku ntchito ya kholo lawo, yosaka anamgumi.

Kuperekeza sitima masiku ano

Nkhani ya kuperekeza sitima zamalonda inabwereranso kumapeto kwa 2023. Mu Novembala chaka chimenecho gulu la Houthi la ku Yemen linalanda sitima ya Galaxy Leader ndipo linayamba kuwombera sitima zodutsa pa Red Sea ndi mizinga komanso ma drone. United States inakhazikitsa mgwirizano wa Operation Prosperity Guardian mu Disembala, ndipo European Union inayambitsa Aspides mu Febuluwale 2024. Ngakhale zinali choncho, sitima ya Rubymar inamira mu Malichi 2024, ndipo mwezi womwewo amalinyero atatu anafa mu True Confidence. Makampani akuluakulu ambiri anasankha kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo wowonjezera masiku 10 kapena kuposa, ndipo ndalama zimene Egypt imapeza pa ngalande ya Suez zinatsika kwambiri.

Vuto la operekeza a lero ndi losiyana ndi la mu 1939. Sitima zake ndi zamphamvu kwambiri koma ndi zochepa. Britain, yomwe inali ndi operekeza mazana ambiri mu 1943, tsopano ili ndi ma frigate ndi ma destroyer osakwana 20. Pamene HMS Diamond inkagwetsa ma drone pa Red Sea, inkagwiritsa ntchito mizinga imene akuti umodzi umaposa mapaundi 1 miliyoni, pogwetsa chinthu cha mtengo wotsika kwambiri. Komanso mizinga ikatha, sitima imayenera kuchoka pamalo kupita ku doko kukatenga ina.

N'chifukwa chake dzina la Flower limatchulidwa kawirikawiri pa mkangano wa kuchuluka ndi luso. Ena amati mayiko apange sitima zosavuta ndi zotsika mtengo zambiri. Britain inayesa njira yotere mu 2019 pamene inaitanitsa ma frigate 5 a Type 31 ku kampani ya Babcock, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 250 miliyoni iliyonse. Otsutsa amati fanizoli limasocheretsa. Corvette ya 1940 inkalimbana ndi mdani amene ankayenera kuyandikira makilomita ochepa, pamene mzinga wa lero umachokera kutali kosaoneka, ndipo chimene chimadula pa sitima si chitsulo chake koma radar, makompyuta ndi anthu ophunzira zaka zambiri. Mfundo ya otsutsawa ndi yamphamvu, komabe siyankha funso la kuchuluka, chifukwa sitima imodzi, kaya ikhale yamakono chotani, singakhale malo awiri nthawi imodzi. Palinso chinthu china chimene Britain ndi Canada anali nacho mu 1939 chomwe lero chinachepa: makampani ambiri ang'onoang'ono opanga sitima ndi amalinyero ochuluka a sitima zamalonda. Sitima zamalonda zambiri tsopano zimapangidwa ku China, South Korea ndi Japan.

Canada inasankha njira ya sitima zazikulu. Ikukonza zopanga ma destroyer 15 a mtundu wa River ku kampani ya Irving ku Halifax, doko lomwelo kumene Sackville imakhala. Sackville nayo ikulimbana ndi dzimbiri, popeza chitsulo chake chakhala m'madzi amchere zaka zoposa 80. Mu 2018 boma la Canada linapereka madola a dzikolo 3.5 miliyoni kuti ikonzedwe, ndipo mbali yake ya pansi pa madzi inalimbitsidwa ndi zitsulo zatsopano. M'miyezi yotentha imaima pa gombe la mzindawo kuti anthu azilowamo, ndipo nyengo yozizira ikafika imakokedwa kukasungidwa ku doko la asilikali.